Penti Yofiira pa Phiri la Chiwumbe

Ndani mwa inu wanena zimenezo? Musayang'anane, ndamva ndi makutu angawa. Maso ndiwo afooka, koma makutu akadali a mnyamata. Wina wati, "A Namasamba akubwera Loweruka," enanu n'kuseka mpaka kugubuduza dengu la mbatatesi. Tolani mbatatesizo, ndi mbewu imeneyo, ndipo mukhale pansi pomwepa. Dzina limenelo mwalitola kumjigo, ndikudziwa, ndipo mukuliyesa la chikondi. Si la chikondi ayi. Linapekedwa pofuna kunyoza mayi anu aang'ono, Filomena, mwana wanga, ndipo analipeka ndi m'bale wanu wa magazi. Manja asaime, zowola kuno, zabwino uko. Nkhani imamveka ndi makutu.

Ana inu mumandidziwa ngati nkhalamba yotsokomola pakhonde, yongokalipira nkhuku kuti zichoke pa ufa. Ine ndinali wocheka matabwa, ndipo mapewa awa, amene lero akulephera ndowa ya madzi, ankasenza thabwa kuchokera kuphiri mpaka pamsika wa pa Mayani. Sowo yathu sinali iyi ya injini, yolira ngati njinga ya kabaza. Inali chitsulo chachitali kuposa munthu, cha zogwirira uku ndi uku. Tinkakumba dzenje, kugoneka chipika pamwamba pake, kutenga chingwe chonyika m'makala osinja n'kuchiombetsa pachipikapo kuti chisiye mzere wakuda. Wina pamwamba, wina m'dzenje. Ine ndinali wa m'dzenje, wodya utuchi, n'chifukwa chake chifuwachi. Kamba wathu anali chigumu ndi thobwa la m'chipanda, ndipo chipika chimodzi chinkatidyera masiku. Munthu wodula movutikira chotero sadula chisawawa. Unkauzungulira mtengo, kuugogoda, kuuyang'ana m'mwamba, mwina n'kuusiya kuti ukule kaye. Lero mnyamata amakoka chingwe cha injini ndudu ili pakamwa, mtengo wa msinkhu wa agogo ake n'kugwa nduduyo isanathe.

M'mudzi muno ndinabwera ngati mkamwini, monga mwa mwambo wathu. Kwathu n'cha ku Kaphuka. Agogo anu aakazi, a Nachisale, mzimu wawo uuse mumtendere, ndinakumana nawo paphiri la Chiwumbe lomweli atasenza mtolo wa nkhuni, ine ndili mbuu ndi utuchi ngati ndagwera m'nkhokwe ya ufa. Anandiseka, ndipo kuseka kumeneko ndiko kunakubalani nonsenu. Musaone phirilo lero n'kumayesa kuti linali la dazi chonchi. Kunali mombo, mitondo, miwanga, misolo, miula, ndi katope m'mbali mwa kamtsinje. Mwezi wa Juni nkhungu inkakodwa m'mitengomo mpaka dzuwa kukwera, madzi akudontha m'masamba ngati kwagwa mvula. Nthawi ya dzinja amayi ankatsika ndi bowa wodzaza malichero, ndipo mphalabungu tinkadya mpaka kutopa nazo, osati izi mumagula pa kambale ngati mankhwala. Koma phirilo silinali langa. Linali la mbumba ya agogo anu, ndipo woliyang'anira anali mlongo wawo, a Damiyano, amene inu mumawatcha agogo a kumtunda. Ine ndinkadziwa malire anga. Mkamwini asamakule mwendo, amatero.

Filomena ndi chitsirizira chathu. Sukulu inamukonda, iyenso n'kuikonda. Atasankhidwa kukaphunzira za nkhalango, ine ndinkafuna unamwino, kuti tikadwala tizikhala ndi wathu kuchipatala, koma agogo anu anati mwana apite kumene mtima wake waloza, ndipo m'nyumba muno mawu awo sankagwa pansi. Anapita, anaphunzira, anagwira ntchito kutali. Chaka china anatulukira ndi chikwama chodzaza zitsulo, nati akuluakulu ake a kuntchito amulola kusankha nkhalango yoti aziipima chaka ndi chaka, ndipo iye wasankha Chiwumbe, kwawo. Anakagwada kwa amalume akewo kukapempha, atanyamula shuga ndi chitenje cha akazi awo. A Damiyano analola, mano onse panja.

Ntchito yakeyo inali yoseketsa ukaiona koyamba, zimenezo sindikana. Ankathyola masamba, ena a padzuwa, ena a mumthunzi, kuwajambula kuti adziwe kutambalala kwake, kenako kuwaumitsa m'maenvulopu amene agogo anu ankawatsomeka kudenga la khitchini. Akauma ankawayeza pa kasikelo kakang'ono kuposa kamene Che Saidi a golosale ya pa boma ankayezera zokometsera ndiwo. Iwe Tadala usaseke, Che Saidi amenewo ndi amene anandigulitsa tupa yonolera sowo imene ndinagwiritsa ntchito moyo wanga wonse, ndipo ndikafika thukuta lili kamukamu ankayamba andipatsa tiyi tisanalankhule za malonda. Ogulitsa a lero amakuyang'ana ali pa foni. Koma ndabwerera m'mbuyo. Filomena ankaboolanso thunthu ndi kachitsulo kozungulira, kutulutsa kachidutswa kowonda ngati phesi la udzu, kukanyika m'madzi, kukaumitsa, kukayeza. Ankapima khungwa. Mtengo uliwonse anaukhomera kachitsulo ka nambala. Mvula ikatha ankabwera ndi tepi ngati telala, kuzunguliza mimba ya mtengo pamalo omwe anayezapo chaka chapita.

Tsiku lina ndinamufunsa kuti zonsezi n'zachiyani. Anathyola masamba awiri, la mpefu ndi la msuku, n'kundiika m'manja.

"Akhudzeni, bambo," anatero. "Lopyapyalali lili ngati munthu wodya mofulumira. Limagwira dzuwa msanga, mtengo wake umathamanga, koma thupi lake n'lopepuka ndipo sukhalitsa. Lokhuthala ngati chikopali, mtengo wake ndi wosunga, umakula pang'onopang'ono. Ndikayeza tsamba, khungwa ndi kulemera kwa thupi, ndimatha kulosera kuti phiri ili libereka nkhuni zochuluka bwanji zaka zikubwerazi, ndi kuti tingadule zotani osalipha."

Ndinawatembenuza masambawo m'manja. Ine ndinkadziwa kuti muwanga umagomola mano a sowo, ndipo mpefu sowo imalowa ngati mpeni mu buledi. Mapewa anga ankadziwa wolemera ndi wopepuka. Koma sindinaganizepo kuti tsamba lingakuuze zimenezo mtengo usanagwe, kapena kuti munthu angaime pansi pa mtengo n'kunena mmene udzakhalire iye atakalamba. Ine mtengo ndinkaudziwa utagwa. Mwana wanga ankaudziwa uli chilili.

Ndipo sankadzitama. Panali mipefu ina pathanthwe la kumpoto imene analosera kuti ithamanga, koma chaka chitatha tepi inakana, inali isanasunthe. Ine ndinamumvera chisoni, koma iye anatsika phiri akusekerera, nati tsamba lokha silinena zonse, pafunikanso kudziwa dothi, mthunzi, ndi moto wa alenje a mbewa. Anati n'chifukwa chake ntchitoyi imafuna zaka zambiri pamitengo imodzimodziyo, kuti zimene walosera azizitsutsa yekha mpaka zitawongoka. Mugwire mawu amenewo, ana inu: mitengo imodzimodziyo. Ukaidula, zaka zonse zimene wayeza zasanduka chiyambi chopanda mathero.

Pamene iye ankakwera phiri m'chisanu cha m'mawa, zala zitauma, kumowa kunali msonkhano wa anthu anzeru. Ena ankati akugulitsa phiri kwa azungu, manambalawo ndi mitengo yake. Ena ankati timabowoto akuthiramo mankhwala. Amenewo ndinkawakhululukira, chifukwa chosadziwa chimaopsa. Koma a Damiyano ankadziwa zonse, mwana ankawafotokozera mogwada ulendo uliwonse. Iwo ndiwo anaimirira chikho chili m'manja n'kunena kuti atsikana a anzawo akubereka ana, wawoyu akukumbatira mitengo ndi tepi m'malo mwa mwamuna, ndiye dzina lake likhale Namasamba. Anthu anaseka, dzina linamera. Litamufika Filomena anangomwetulira, koma tsiku limenelo chakudya anangochitembenuza m'mbale. Malume amene anayenera kukhala mpanda wake ndiye anatsegula chipata kuti agalu alowe. Ndiye lero ndimve dzina limenelo pakhonde panga, m'kamwa mwa adzukulu anga?

Nthawi imeneyo nkhuni zinali zitayamba kuvuta. Minda ya mbatatesi inali itakwera mpaka m'tsinde mwa phiri, amayi ankadandaula, ndipo ena ankati Filomena waletsa anthu nkhalango yawo. Iye sanafune kuti anthu azunzike chifukwa cha manambala ake. Zitadutsa mvula zingapo, anagula penti ya mitundu iwiri, yachikasu ndi yofiira, n'kuyenda phiri lonse akupaka mitengo. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi anapempha anthu kuti asabalalike, n'kufotokoza pabwalo pomwepo. Anati yachikasu ndi mitengo yothamanga, yophukira msanga ukaidula, monga mipefu ndi mithethe. Imeneyo amayi azidula chigawo chimodzi chaka chino, china chaka chamawa, ndipo pofika kumapeto, koyamba kuja kudzakhala kutabwerera. Yofiira ndi yolemera, yochedwa, monga miwanga, misolo, miula ndi misuku ikuluikulu. Imeneyo ndiyo imagwira nthaka, imapatsa mbewu, ndipo ikagwa sitidzaionanso ife tili moyo. Amayi analuluta, chifukwa kwa nthawi yoyamba munthu anawauza kuti dulani apa, osati kungoti musadule.

A Damiyano anakhala kutsogolo, chipewa pabondo, akumvetsera kuposa aliyense. Anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Mphwanga, ndimve bwino. Yofiirayo ndiye kuti yonse ndi yolemera? Palibe wopepuka?"

"Yonse, amalume. Ndinaiyeza umodziumodzi."

"Ngakhale ya kuseri kwa thanthwe ija?"

"Imeneyo ndiyo yolemera koposa."

Pobwerera kunyumba mwana wanga ankayenda ngati wavala nsapato zatsopano. Anati, bambo, mwaona, amalume ayamba kumvetsa. Ine ndinavomera. Sindinadziwe kuti munthu angafunse funso labwino ndi mtima wa fisi.

Chaka chotsatira, chisanu chitangoyamba, agogo anu anagwidwa ndi chifuwa choopsa. Tinawatengera kuchipatala cha pa boma, ndipo ine ndinakhala komweko, ndikugona pakhonde la odikirira odwala pamodzi ndi mayi anu aakulu. Kuzizira kwa pa Dedza mukukudziwa, kumalowa m'mafupa ngati singano. Tinakhalitsa. Abale ankabwera ndi ufa ndi nyemba, ndipo ndinaona kuti ndikafunsa za kumudzi amayang'ana pansi. Ndinkayesa ndi chisoni cha matenda. A Damiyano anabwera kamodzi kokha, ataberekedwa pa njinga yamoto yatsopano imene mwana wawo ankayendetsa. Ndinawayamikira kuti Mulungu wawadalitsa.

Agogo anu atapezako bwino, ndinatsogola kudzakonza nyumba. Ndinatsika minibasi, ndinayenda, ndipo nditafika pa mtunda paja pamene Chiwumbe chimayamba kuonekera, ndinaima. Phiri linkafuka utsi malo ambiri ngati mudzi wa maliro. Ndinasiya katundu panjira n'kukwera. Miyendo iyi inali isanafooke chonchi.

Ana inu, ndaonapo mitengo ikugwa moyo wanga wonse, ina ndinagwetsa ndekha. Koma zimene ndinaona tsiku limenelo sizinali kudula. Yachikasu yonse inali chilili, palibe anaikhudza. Yofiira yonse inali pansi. Anayenda motsatira penti ngati munthu wotsatira mizere m'munda. Zitsa zinali mbwee, mauvuni a makala ali ndondondo, dothi lofukulidwa lili paliponse, ndipo tizitsulo ta manambala tija anatiunjika pamwala, ana akuseweretsa. Makala abwino amachokera ku mtengo wolemera, ogula a m'tauni amadziwa zimenezo. Kale wootcha makala ankataya nthawi kufunafuna, mwina kulakwitsa. Apa mwana wanga anali atawasankhira yekha ndi sikelo, n'kuwapakira chizindikiro.

A Damiyano ndinawapeza atakhala pachitsa cha muwanga akuyang'anira amuna osoka matumba. Sanachite manyazi. Anandifunsa za odwala, ndinawayankha, chifukwa ulemu sutha. Kenako ndinawafunsa kuti ichi n'chiyani. Anayamba kundiwerengera mavuto: feteleza wakwera, chimanga chinakanika, mbatatesi inagwidwa ndi chiwawu, ana akufuna sukulu. Ndinawauza kuti mavuto amenewo ali pakhomo lililonse, langa lomwe, ndipo yachikasu ija inalipo yoti adule. Anaseka, nati yachikasu makala ake ndi phulusa lokhalokha.

"Mwana wanu yemwe ndiye anatiuza pamaso pa mpingo wonse kuti yabwino ndi iti," anatero. "Kodi maphunziro si othandiza anthu? Atithandiza."

Ndinawauza kuti adya mwana wa mlongo wawo ali moyo. Pamenepo nkhope yawo inasintha. Anaimirira n'kundiyandikira.

"Alamu, inu munabwera muno ndi sowo ndi bulangete limodzi. Phiri ili munalipeza. Mukafuna kulamula mitengo, ku Kaphuka njira ndi iyo."

Ndinali nditakhala m'mudzi muno mpaka imvi. Ndinakumba nawo manda a amayi awo. Denga la nyumba yawo, mitanda yake ndinacheka ndine, osalandira kanthu. Tsiku limenelo ndinauzidwa pamaso pa anyamata osoka matumba kuti ndine mlendo. Ndinatsika phiri osayang'ana m'mbuyo, ndipo katundu wanga uja anachita kundibweretsera mayi wina amene anamupeza panjira, ine nditamuiwala.

Nkhani inapita kwa akuluakulu a mudzi, inde. Anakambirana, anadzudzula, a Damiyano anapereka nkhuku, nkhani n'kutha. Ambiri mwa oweruzawo ana awo anali atasenza nawo matumba. Nkhuku! Nkhalango imene inamera agogo a agogo anu asanabadwe inalipiridwa ndi tambala wa lipombo lopindika.

Filomena tinamuimbira foni. Anafika agogo anu atatuluka kale m'chipatala. Analonjera amayi ake, anasintha nsapato, n'kukwera yekha. Ndinamutsatira patali. Ndinamuona akuyenda chitsa ndi chitsa, akugwira pamwamba pake ndi chikhatho ngati mmene amagwirira mwana wotentha thupi. Atafika pamwala pa tizitsulo paja anakhala pansi, n'kuyamba kutisankha, akutchula nambala iliyonse ndi mtengo wake pamtima. Uwu unali msolo wa pamphambano. Uwu muula wa njuchi. Ndinayandikira n'kumuuza kuti alire, palibe amuone. Sanalire. Anangoti, "Bambo, ndinawaphunzitsa ndekha." Ndinamuuza kuti wopereka mpeni kuti anthu asendere mbatata sapalamula wina akabaya nawo munthu, koma sindikudziwa ngati anamva.

Ine ndinayesa kuti sadzapondanso muno, ndipo ndikanamumvetsa. Akuluakulu ake anamuuza kuti asankhe nkhalango ina ya mpanda ndi alonda. Iye anati apita kumeneko, koma Chiwumbe sachisiya. M'mawa mwake anakweranso ndi tepi, n'kuyamba kuyeza zitsa. Anati funso lakale lafa, koma pabadwa lina: ndi chitsa chiti chidzaphuke, mofulumira bwanji, ndipo kodi khungwa ndi kulemera kwa thupi zingalosere zimenezo? Pobwerera anadutsa kwa amalume ake, anagwada, anawalonjera monga mwa nthawi zonse. Ine zimenezo zinandipweteka kuposa za paphiri zija. Ndinamukalipira. Anandiyankha kuti akapanda kugwada, ngakhale zitsazo adzamuletsa.

Zimene ananena pabwalo la tchalitchi zija zinachitika, ndipo palibe anabwera kudzapepesa. Mvula yoyamba madzi anatsika ofiira, anang'amba chigwembe chija mumadumpha popita kusukulu. Kamtsinje kanayamba kuuma chilimwe chisanafike pakati. Yachikasu ija, itatsala yokha popanda mpumulo, amayi anaimaliza posakhalitsa, ndipo sindiwadzudzula, chifukwa mphika sudikira. Lero alongo anu amaphikira zitsononkho ndi mapesi, maso ali ofiira ndi utsi.

Agogo anu sanachirenso kwenikweni. Ankakhala apa, pamene wakhala Chisomo apa, atafunda bulangete ngakhale dzuwa likuswa mtengo, akuyang'ana phiri. Za mlongo wawo sananenepo kanthu, ngakhale kwa ine, ndipo ndinkadabwa, chifukwa sanali munthu wosunga mawu m'kamwa. Itafika nyengo ya masuku, mitambo itayamba kusonkhana, chakudya chinayamba kuwakana. Ndinakwera minibasi kukagula masuku pamsewu waukulu, kwa amayi amene amabwera nawo kuchokera tsidya la Mozambiki. Agogo anu anayamwa limodzi n'kundibwezera mbale, nati ndawavutikira, koma awa si a kwathu. Kenako anatuma mwana kuti akaitane a Damiyano.

Anabwera, anakhala pampando, anafunsa za mthupi. Agogo anu anawayang'ana, n'kulankhula mofatsa, ngati mmene ankalankhulira ali ana.

"Achimwene, pakamwa panga pakuwawa. Mukandithyolere masuku ku Chiwumbe, a mtengo uja amayi ankatikhazika pansi pake akamatola bowa. Musatume mwana. Mupite nokha."

Mtengo umenewo unali wa penti yofiira. Tonse amene tinali pakhondepo tinkadziwa, ndipo agogo anu ankadziwa kuposa tonse. A Damiyano anaimirira. Anatenga chipewa, n'kunyamuka. Ine ndinayesa akupita kwawo, koma tinawaona akukwera phiri, mdala wamkulu, pang'onopang'ono, dzuwa likuwawa. Chimene anakachita kumeneko sindichidziwa. Anatsika dzuwa litapendeka, manja ali lendee, n'kudzaima kuseri kwa nkhokwe iyo, osalimba mtima kufika pakhonde. Agogo anu anawaona. Anangotembenukira kukhoma.

Agogo anu anatisiya mvula itangoyamba. Pamaliro a Damiyano analira mokweza kuposa aliyense, ndipo ine ndinkafuna kuwauza kuti misozi siphukitsa chitsa, koma mayi anu aakulu anandigwira mkono.

Maliro atatha, anthu atabalalika, a Damiyano anabwera pano Filomena asananyamuke. Sanakhale pampando, anakhala pansi, malume wathunthu pamaso pa mphwake. Anamufunsa kuti msuku akaudzala ungabereke liti. Ine ndinkayembekeza kuti mwana wanga awabwezere ngakhale liwu limodzi lowawa, anali nalo danga. Iye anawauza zoona zokhazokha. Anati msuku ndi wovuta, mbewu yake sichedwa kufa, umafuna dothi la pansi pa misuku inzake, ndipo umakula monyinyirika. Anati akafuna mthunzi ndi nkhuni adzale mithethe, adzaiona ndi maso awo.

"Koma msuku, amalume, mukadzala lero, mwina inu simudzalawa. Adzadya ana awa."

A Damiyano anati amva, koma akufuna msuku womwewo.

Ulendo wotsatira Filomena anawabweretsera mbande m'machubu. A Damiyano anadzala kumene kunali mtengo uja. Mbuzi zinadya zina, moto unapsereza zina, iye n'kubweretsanso. Mwina mumawaona agogo a kumtundawo akukwera ndi chigubu cha madzi pamutu ngati mayi, akuzinga minga kuzungulira timitengo tosafika m'bondo. Anthu ayamba kuwatama kuti ndi mdala wokonda chilengedwe. Ndamva kuti alendo ena anawajambula chithunzi. Chithunzi! Amene anayeza masamba mpaka zala kuuma palibe anamujambula. Bambo mfumu amandiuza Lamulungu lililonse kuti ndikhululuke. Ndimawayankha kuti ndikuyesetsa, koma asandithamangitse. Munthu amene anandiuza kuti ndine mlendo pakhomo pamene ndinaika mkazi wanga m'manda, moni ndimamupatsa, wa pakamwa, ndipo ndi wokwanira.

Sindinawathandize kukumba ngakhale dzenje limodzi, ndipo sindidzawathandiza. Chimene ndinachita n'chakuti tsiku lina ndinawaona akulimbana ndi dothi la miyala lija ndi kakhasu kothyoka mpini, ndiye ndinawabwereka khasu langa lija la mpini wa muwanga, loti ndinasema ndekha ndili ndi mphamvu. Ndinawauza kuti libwere madzulo. Mpaka lero silinabwere. Mwaona mtundu wa munthu? Iwe Tadala, ukatha kusankha mbatatesizo upite kumtunda ukawauze kuti agogo akufuna khasu lawo.

Ayi, khala kaye. Taona mitambo iyo cha ku Mozambiki, mvula ili pafupi, ndipo maenje a kuseri kwa thanthwe sanamalize. Lisiye. Akumbe kaye.